Kukonza zolakwika m'zikalata ndi mamendulo a msilikali wakale wa ku America

Msilikali wa dziko la United States akamatuluka usilikali amapatsidwa pepala lotchedwa DD Form 214, lomwe eni ake amangoti DD 214. Pepalali linayamba kuperekedwa mu 1950, ndipo zaka zonse zomwe munthu anakhala m'yunifolomu amazipanikiza pamenepo: tsiku lomwe analowa ndi lomwe anatuluka, udindo womwe anafikapo, ntchito yomwe ankagwira, mamendulo omwe analandira, komanso katulukidwe kake, kaya kanali kaulemu kapena ayi. Tsiku lolisayina mtima umakhala uli kale kunyumba, zikwama zili pakhomo, ndipo ambiri amasayina osawerenga bwino. Cholakwikacho chimadzaonekera patapita zaka, munthu akufuna thandizo la chipatala ku Department of Veterans Affairs, yomwe aliyense amangoti VA, kapena ngongole ya nyumba, ndalama za sukulu, ngakhalenso unzika kwa amene analowa usilikali asanakhale nzika. Nthawi zina chimaonekera mwini wake atatisiya kale, ana akufuna kudziwa zoti alembe pa mwala wa pamanda.

Musachipepuse cholakwika poti n'cha nambala imodzi yokha. Lamulo la maphunziro lotchedwa Post-9/11 GI Bill limalipirira mokwanira munthu amene anatumikira miyezi 36, pomwe wa miyezi 30 kufika 35 amangomulipirira 90 peresenti. Kalaliki akaphonya tsiku n'kudula milungu ingapo, gawo la fizi lapita. Lamulo la PACT Act la mu 2022 limavomereza kuti matenda ena anachokera ku utsi wa maenje otenthera zinyalala m'misasa ya ku Iraq, Afghanistan ndi madera ena, popanda munthu kuchita kubweretsa umboni wa dokotala wolumikiza ziwirizi. Koma zikalata zikapanda kusonyeza kuti phazi lake linapondako kumeneko, ayamba walimbana ndi zimenezo asanafike n'komwe pa nkhani ya matendawo.

Zolakwika zonsezi zimakonzeka, ndipo kupereka pempho salipiritsa. Chomwe chimagwetsa anthu ambiri n'chimodzi: amaganiza kuti akangodandaula, a boma apita okha kukafufuza. Sapita. Amene amaweruza nkhanizi amayamba ndi maganizo akuti zomwe boma linalemba n'zolondola, ndipo amene akuti sizolondola ndiye abweretse umboni. Choncho ntchito yaikulu imachitika musanagwire n'komwe fomu yodandaulira.

Itanitsani failo yonse

DD 214 ndi chidule chabe. Kuseri kwake kuli failo yonse ya msilikali, yotchedwa Official Military Personnel File, momwe muli mgwirizano wolowera usilikali, zikalata zomusamutsa, zomukweza, malipoti a akuluakulu ake, ndi zikalata za mamendulo. Mafailo akale amasungidwa ku National Personnel Records Center mumzinda wa St. Louis, ku Missouri, yomwe ili pansi pa National Archives. Mungaitanitse polemba fomu ya SF 180 kapena kudzera pa intaneti pa eVetRecs. Amene anatuluka m'zaka zaposachedwa nthawi zambiri amapeza failo yawo pa intaneti pa milConnect. Wa National Guard, gulu la asilikali la chigawo chilichonse, adziwe kuti kwa zaka zambiri pepala lake lotulukira lakhala NGB Form 22, ndipo zambiri zake zimasungidwa ku likulu la Guard la m'chigawo chomwe ankatumikira.

Polemba pempho nenani momveka kuti mukufuna failo yonse. Mukangoti mukufuna zikalata za usilikali, angakutumizireni DD 214 yomweyo muli nayo kale, miyezi yodikira n'kupita pachabe. Lembani dzina lomwe munthuyo ankagwiritsa ntchito ali msilikali, nambala yake ya usilikali kapena ya Social Security, nthambi yomwe anali, zaka zomwe anatumikira, tsiku ndi malo obadwira.

Zikalata za kuchipatala pemphani padera, chifukwa kawirikawiri sizikhala pamodzi ndi failo ya ntchito. Apa pali kanthu komwe ambiri sakadziwa: zolemba za nthawi yomwe msilikali anagonekedwa m'chipatala zimasungidwa potengera dzina la chipatalacho ndi chaka, osati dzina la wodwala lokha. Mukapanda kutchula chipatala ndi mwezi kapena chaka, angakuyankheni kuti sanapeze kanthu pomwe zolembazo zilipo. Ngati munthuyo anapemphapo thandizo ku VA, itanitsaninso failo ya kumeneko, poti nthawi zambiri mumapezeka makope a zikalata zomwe kwina zinasowa.

Msilikaliyo akakhala kuti anamwalira, amene amaloledwa kuitanitsa ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye yemwe sanakwatirenso, mwana, bambo, mayi, mchimwene kapena mchemwali, ndipo atumize umboni wa imfa. Pakadutsa zaka 62 chitulukire munthu usilikali, failo yake imakhala yotsegukira aliyense, koma pamenepo makope amalipiritsa.

Werengani pensulo ili m'manja

Failo ikafika, ikani DD 214 kumanzere, mulu wa zikalata kumanja, muziyenda bokosi ndi bokosi. Onetsetsani kaye kuti muli ndi kope yaitali. Pa mapepala a zaka zambiri zapitazi, kope yolembedwa Member-1 ndi yaifupi, sisonyeza za katulukidwe. Yolembedwa Member-4 ndiyo ili ndi zonse. Pa mapepala amenewa bokosi 12 ndi la masiku a utumiki, kuphatikizapo nthawi yomwe anakhala kunja kwa dziko ndi panyanja. Bokosi 13 ndi la mamendulo ndi mabaji. Bokosi 14 ndi la maphunziro a usilikali. Bokosi 18 ndi la ndemanga, ndipo muno ndi momwe mumapitirizidwa zomwe sizinakwane m'mabokosi ena, choncho musanadandaule kuti mendulo inasowa yang'ananimo kaye. Bokosi 24 likunena mtundu wa katulukidwe, 26 ndi 27 ndi timanambala tosonyeza chifukwa chotulukira ndiponso ngati angaloledwe kulowanso, pomwe 28 ikufotokoza chifukwacho m'mawu. Mapepala akale kwambiri ndi atsopano kwambiri manambala a mabokosi amasiyanako, koma mitu yake ndi yomweyo.

Chilichonse chomwe sichikugwirizana chilembeni pa pepala lapadera m'mizere itatu: zomwe zalembedwa, zomwe zimayenera kulembedwa, ndi chikalata chomwe chikutsimikizira. Mzere wachitatuwo ukakhala wopanda kanthu, dziwani kuti apo ndi pomwe pali ntchito. Werengerani nokha masiku pa kalendala, musakhulupirire chiwerengero cha kalaliki. Yang'ananinso kalembedwe ka dzina chilembo ndi chilembo, makamaka mayina omwe kalalikiyo sanawazolowere, chifukwa dzina losiyana ndi la pa pasipoti limadzasautsa pa nkhani ya unzika ndi ya malipiro a wamasiye.

Khomo loyenera kugogoda

Makomo alipo atatu, ndipo kugogoda polakwika kumangotayitsa miyezi.

Loyamba ndi ofesi ya za ogwira ntchito ya nthambi yomwe munthuyo anali. Kwa asilikali apamtunda ndi Human Resources Command ku Fort Knox, ku Kentucky. Nthambi zina zili ndi zawozawo. Kuno kumapita zolakwika zoonekeratu: dzina lolembedwa molakwika, tsiku lophonyeka, mendulo yomwe inaperekedwa koma sinalembedwe. Akavomereza amatulutsa DD Form 215, kapepala kokonza DD 214, kapena amalemba DD 214 yatsopano. Musalumphe khomo ili, chifukwa bodi yaikulu ya khomo lachitatu imafuna kuona kuti munayamba mwayesa njira zapansi. Kalata yokukanani ya kuno isungeni bwino, ndi chiphaso chanu chopitira mtsogolo.

Lachiwiri ndi Discharge Review Board, yomwe imangoona za katulukidwe, polemba DD Form 293.

Lachitatu ndiye lalikulu: bodi yokonza zikalata za usilikali, polemba DD Form 149. Asilikali apamtunda ali ndi Army Board for Correction of Military Records. Apamadzi ndi a Marine Corps amapita ku Board for Correction of Naval Records. A Air Force ndi a Space Force ali ndi bodi imodzi, ndipo a Coast Guard ali ndi yawo pansi pa Department of Homeland Security. Mabodiwa anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1946. Kale munthu wofuna kukonzetsa mbiri yake ankachita kupempha Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kuti imupangire lamulo lakelake. Amakhalamo ndi akuluakulu a m'boma omwe si asilikali, ndipo mphamvu yawo, yochokera pa ndime 1552 ya Title 10 ya malamulo a dzikolo, ndi yokonza chilichonse cholakwika kapena chosalungama m'zikalata. Mawu awiriwa muwagwire, chifukwa pempho lanu lonse lidzaima pa limodzi mwa iwo. Cholakwika ndi pomwe malamulo sanatsatidwe kapena zolembedwa sizoona. Chosalungama ndi pomwe malamulo anatsatidwa koma zotsatira zake n'zopweteka munthu mopanda chilungamo.

Nkhani ya mamendulo

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amasweka mtima, ndipo kawirikawiri n'chifukwa chosakaniza zinthu zitatu zosiyana.

Pali mendulo yomwe inaperekedwa koma sinalembedwe. Iyi ndi yosavuta, bola mupeze chikalata cholamula kuti munthuyo apatsidwe, chomwe asilikali amangoti orders, chokhala ndi nambala, tsiku ndi likulu lomwe linachitulutsa. Mendulo yeniyeniyo ili m'kabokosi kake si umboni, poti mamendulo ambiri amagulidwa m'masitolo. Satifiketi yokongola yopachika pakhoma imathandiza, makamaka ngati pansi pake palembedwa nambala ya orders, koma chomwe ofesi imachikhulupirira kwambiri ndi orders yeniyeniyo. Zimachitika kawirikawiri kuti mendulo inavomerezedwa munthu atatsala masiku ochepa kuti atuluke, chikalata n'kufika DD 214 italembedwa kale.

Pali mendulo yomwe munthu amayenera kukhala nayo chifukwa cha komwe anali ndi nthawi yomwe analiko. Mamendulo a nkhondo yakutiyakuti, ndi aulemu operekedwa ku gulu lonse, ali m'gulu ili. Ena anakhazikitsidwa anthu atatuluka kalekale. Korea Defense Service Medal inakhazikitsidwa mu 2002 koma imabwerera m'mbuyo mpaka pa 28 July 1954, kutanthauza kuti anthu ambirimbiri omwe anatumikira ku Korea ali nayo mwalamulo ngakhale pepala lawo silikuitchula. Chimodzimodzi, mu 1947 kunagamulidwa kuti msilikali aliyense wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amene analandira Combat Infantryman Badge kapena Combat Medical Badge ayeneranso kulandira Bronze Star. Ngati agogo anu anali ndi baji imeneyi ya pa nkhondoyo koma Bronze Star palibe, pemphani. Umboni wake ndi zikalata zosonyeza gulu lomwe munthu anali, malo ndi masiku.

Purple Heart, mendulo ya ovulala pa nkhondo, nayonso siyochita kuvomerezedwa ndi mkulu ngati mphoto, munthu amaiyenera akakwaniritsa zofunika, koma zofunikazo n'zokhwima. Bala likhale lochokera kwa mdani, likhale lofunika kuonedwa ndi dokotala, ndipo chithandizocho chikhale kuti chinalembedwa m'zikalata za boma. Matenda wamba, ngozi yosakhudzana ndi mdani, ndi kuvulala kwa m'maganizo kotchedwa PTSD sizilowa. Vuto limakhala pa chofunika chachitatu chija, chakuti chithandizo chinalembedwa. Tayerekezani msilikali amene kachitsulo ka bomba kanamulowa pa ntchafu, wachipatala wa m'gulu n'kumumanga bandeji pompo pansi pa mtengo, iye n'kunyamula mfuti kubwerera kwa anzake. Palibe anagwira cholembera tsiku limenelo. Patapita zaka 40 chipsera chilipo, koma bodi ikufuna pepala la nthawi imeneyo. Zikatere fufuzani malipoti a tsiku ndi tsiku a gulu lake, mndandanda wa ovulala, zolemba za dokotala amene anamuyeza potuluka ngati anatchulapo chipseracho, kalata kapena telegalamu yomwe inapita kwa makolo, ndi mboni ziwiri kapena kuposa zomwe zinalipo. Mendulo imeneyi si ya ulemu wokha: imamuika munthu patsogolo pa chithandizo cha chipatala cha VA, ndipo amene anailandira chifukwa cha bala la kuyambira pa 11 September 2001 amalipiriridwa maphunziro mokwanira posawerengera miyezi yomwe anatumikira.

Yachitatu ndi yovuta kuposa zonse: mendulo ya kulimba mtima kapena ya ntchito yabwino yomwe palibe anailembera, kapena pempho lake linasochera. Munthu sangadzilembere yekha mendulo yotere, ndipo kuilembera kuli ndi nthawi yake. Kwa asilikali apamtunda ndi zaka ziwiri kuchokera pa tsiku la zomwe zinachitikazo. Nthawiyo ikadutsa, njira yotsala ndi ya ndime 1130 ya Title 10, yomwe imalola phungu wa Congress kupempha nthambi ya usilikali kuti iunikebe nkhaniyo. Phunguyo amangotsegula chitseko, sapereka mendulo ndipo sasonkhanitsa umboni. Inuyo ndi amene mupeze munthu amene anaona kapena ankadziwa bwino zomwe zinachitika kuti alembe pempho, pa DA Form 638 ngati ndi wapamtunda, mupeze mboni, ndiponso mufunefune akuluakulu omwe ankalamulira gululo pa nthawiyo kuti asayine, kapena musonyeze kuti anamwalira kaya simunawapeze mutayesetsa. N'zotheka ndithu, ngakhale zimatenga nthawi. Henry Johnson, msilikali wachikuda wa gulu la 369th Infantry, anamenya nkhondo yoopsa ku France mu May 1918 ndipo anamwalira mu 1929. Purple Heart yake inatuluka mu 1996, Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa onse, mu 2015.

Chenjezo limodzi pano, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse: musawonjezere kanthu. Kunama pa mafomuwa ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa mpaka zaka 5, ndipo lamulo la Stolen Valor Act la mu 2013 limalanga wonamizira mamendulo ena pofuna kupezerapo ndalama kapena phindu. Kupatula apo, bodi ikangogwira mfundo imodzi yokokomeza, imayamba kukayikira zoona zonse zomwe mwanena.

Failo ikakhala kuti inapsa

Pa 12 July 1973 moto unabuka m'chipinda chapamwamba cha nyumba yosungira mafailo ku St. Louis, n'kuwononga mafailo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Makope ena kunalibe. A asilikali apamtunda omwe anatuluka pakati pa 1 November 1912 ndi 1 January 1960 anapsa pafupifupi 80 peresenti. A Air Force omwe anatuluka pakati pa 25 September 1947 ndi 1 January 1964, a mayina obwera pambuyo pa Hubbard pa ndandanda wa zilembo, anapsa pafupifupi 75 peresenti. Mafailo pafupifupi 6.5 miliyoni anapulumutsidwa ali opserera m'mbali kapena onyowa, ndipo mpaka lero alipo akatswiri omwe amawamatula tsamba ndi tsamba munthu akapempha.

Kalata yonena kuti failo inapsa isakufooketseni. Iwo amatha kumanganso mbiri ya munthu kuchokera ku zolemba zina zomwe moto sunakhudze: mapepala a malipiro omaliza, malipoti a m'mawa uliwonse a gulu osonyeza amene wafika, wachoka, wadwala kapena wavulala, makadi a ogonekedwa m'zipatala, ndi mafailo a VA. Angakutumizireni NA Form 13075 yofunsa za utumiki, ndi NA Form 13055 yofunsa za chithandizo cha kuchipatala. Poyankha, chofunika kwambiri ndi dzina lenileni la gulu mpaka kufika pa kagulu kakang'ono kotchedwa kampani, chifukwa malipoti aja anasungidwa potengera gulu ndi mwezi. Kungonena kuti anali ku Korea sikuthandiza. Kutchula kampani, batalyoni, rejimenti ndi mwezi kumatsegula kabati yoyenera.

Dzina la gululo nthawi zambiri lili m'nyumba mwanu momwemo. Tsegulani sutikesi yakale. Yang'anani pakona ya envelopu ya makalata omwe ankatumiza kunyumba, pomwe ankalemba adiresi yake. Kuseri kwa zithunzi. Pa nkhani ya m'nyuzipepala yomwe amayi ake anadula n'kusunga. Asilikali ambiri akale ankakalembetsanso pepala lawo lotulukira ku ofesi ya boma laling'ono la kwawo lotchedwa kaunti, ndipo kope ikhoza kukhala ili komweko.

Kulemba DD Form 149

Fomuyi ndi yaifupi, ndipo kufupika kwakeko kumanyenga. Tengani yatsopano kwambiri, chifukwa maadiresi otumizira amasintha ndipo amalembedwa pa fomu pomwepo. Nthambi zina zimalandiranso pa intaneti. Imalembedwa m'Chingerezi, ndipo chikalata chilichonse cha chinenero china chipite ndi kumasulira kwake.

Pomwe akufunsa zomwe mukufuna zikonzedwe, musalembe kuti mukufuna chilungamo kapena kuti akonze zonse zolakwika. Lembani ngati mukuuza kalaliki zoti atayipe: bokosi lakuti la DD 214 ya tsiku lakuti, achotse mawu akuti, alembe akuti. Zikakhala zingapo, chilichonse chikhale ndi nambala yake. Ngati kukonzako kukubweretsa ndalama zomwe munthu anamanidwa, pemphaninso zimenezo momveka, chifukwa bodi kawirikawiri imayankha zomwe yafunsidwa.

Pomwe akufunsa chifukwa chake, malo a pa fomu sakwana, choncho lembani pa mapepala apadera. Fotokozani nkhani motsatira masiku, ndipo mfundo iliyonse muziilozera ku chikalata: pa tsiku lakuti ndinasamutsidwira ku gulu lakuti, onani chikalata 3. Anthu omwe adzawerenge ali ndi milu ya madandaulo patebulo. Tsamba limodzi kapena atatu olongosoka amaposa masamba 20 a mkwiyo, ngakhale mkwiyowo uli womveka. Ngati mukudziwa ndime ya malamulo a usilikali yomwe inaphwanyidwa, itchuleni, koma ikhale ya malamulo omwe ankagwira ntchito pa nthawiyo, osati a lero.

Mboni ilembe zomwe inaona ndi maso ake: inali ndani, ya udindo wanji, m'gulu liti, inaima pati, inaona chiyani. Kalata yongoti anali msilikali wabwino siyikonza tsiku kapena mendulo. Mboniyo isayine, ilembe tsiku ndi komwe ingapezeke, ndipo ngati ingalole iphatikize kope ya DD 214 yake kusonyeza kuti inalikodi. Kulumbirira pamaso pa wolumbiritsa kumaipatsa mphamvu kalatayo.

Kenako pali funso la nthawi. Lamulo limati pempho lifike pasanathe zaka 3 kuchokera pomwe munazindikira cholakwikacho, osati pomwe chinachitika. Limaperekanso mphamvu kwa bodi kukhululukira kuchedwa ngati chilungamo chikufuna choncho. Musasiye malowa opanda kanthu. Nenani zoona: munadziwa liti, munadziwa bwanji, chinakuchedwetsani n'chiyani, kaya ndi matenda, kaya kusadziwa kuti njirayi ilipo. Ukale wa nkhani pawokha sutseka chitseko. Mu November 2023, potsatira kuunika kwa bodi ya asilikali apamtunda, zigamulo za asilikali achikuda 110 omwe anaweruzidwa pa zipolowe za ku Houston za mu 1917 zinafafanizidwa, ndipo zikalata zawo zinasinthidwa kuti zisonyeze kutuluka mwaulemu. Mwa iwo, 19 anali atanyongedwa.

Sayinani. Fomu yosasayina imabwezedwa. Ngati mukulembera malemu kapena munthu amene sangathe kudzilembera, phatikizani umboni wa imfa kapena wa matendawo ndi wosonyeza ubale wanu. Tumizani makope okhaokha, zenizeni zikhale kunyumba, ndipo sungani kope ya mtolo wonse monga momwe mwautumizira.

Simukuyenera kuyenda nokha. Mabungwe a asilikali akale monga American Legion, Veterans of Foreign Wars ndi Disabled American Veterans ali ndi anthu ovomerezeka omwe amathandiza mwaulere, ndipo masukulu ena a zamalamulo ali ndi zipinda zothandizira asilikali akale. Safunsa anadya phula. Pa nkhani ya dzina kapena mendulo yosalembedwa loya safunika, koma pa nkhani ya katulukidwe kapena ya penshoni ya kulumala ndi bwino kupeza wodziwa.

Ngati vuto ndi katulukidwe

M'misasa mwakhala mukuyenda mphekesera yakuti katulukidwe kotsika kamasintha kokha pakatha miyezi 6. Si zoona, ndipo bodza limeneli lachititsa anthu ambiri kusayina mapepala omwe akanawakana. Palibe chimasintha popanda pempho. Kusiyana kwake n'kwakukulu: GI Bill imafuna katulukidwe kaulemu ka Honorable, kotsikirapo ka General sikakwanira, ndipo kotsika kuposa apo ka Other Than Honorable kangatsekereze zambiri, ngakhale VA imatha kuunika payokha n'kupereka thandizo lina popanda kusintha DD 214.

Discharge Review Board imalandira pempho pasanathe zaka 15 chitulukire, ndipo apa palibe kukhululukira. Zikadutsa, pitani ku bodi yaikulu ndi DD Form 149. Discharge Review Board singakhudzenso katulukidwe kochokera ku khoti lalikulu la asilikali lotchedwa general court-martial, ndipo singasinthe katulukidwe kukhala ka kulumala. Ubwino wake ndi wakuti muli ndi ufulu wokaonekera nokha n'kulankhula, pomwe ku bodi yaikulu mwayi umenewu amapereka mwa apo ndi apo. Ambiri amayamba apempha kuti aunike zikalata zokha, akakanidwa n'kupempha zokaonekera, motero amakhala ndi mipata iwiri.

Kuyambira mu 2014 mabodi analamulidwa kuunika mwachifundo madandaulo a anthu omwe khalidwe lawo linasokonekera chifukwa cha PTSD. Malangizowa anachokera kwa Chuck Hagel, yemwe anali nduna ya zachitetezo. Mu 2017 anawakulitsa kuti akhudzenso matenda ena a m'maganizo, kuvulala kwa ubongo, ndi kugwiriridwa kapena kuzunzidwa, ndipo mu 2018 anawonjezera zoganizira moyo womwe munthu wakhala chitulukire. Pa nkhani zotere yankhani zinthu zinayi: vutolo linalipo, linayamba kapena kuchitika muli msilikali, likufotokoza zomwe munalakwitsa, ndipo likulemera kuposa cholakwacho. Kalata ya dokotala yolumikiza matenda ndi khalidwelo ndi yamtengo wapatali. Omwe anachotsedwa pansi pa lamulo la Don't Ask, Don't Tell, lochotsa asilikali odziwika kuti amagonana ndi amuna kapena akazi anzawo, lomwe linatha pa 20 September 2011, nawonso angapemphe kuti chifukwa cholembedwa pa pepala lawo chisinthidwe.

Yankho likabwera

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo limafuna kuti mabodi amalize 90 peresenti ya madandaulo m'miyezi 10, ndipo onse m'miyezi 18, koma milu ikachuluka nthawi imapitirira. Mukasamuka adziwitseni adiresi yatsopano msanga, chifukwa pali kalata imodzi yomwe simuyenera kuiphonya. Bodi nthawi zina imafunsa maganizo kwa ofesi ina, monga ya mamendulo kapena ya madokotala, ndipo maganizowo amakutumizirani kuti muyankhe, kawirikawiri m'masiku 30. Ngati akukutsutsani, yankhani mfundo ndi mfundo. Mukakhala chete, bodi imatsala ndi mawu a mbali imodzi.

Akakukanani, werengani chigamulo chonse modekha, chifukwa chimanena umboni womwe unasowa. Mungapemphe kuti aunikenso ngati mwapeza umboni watsopano womwe sanauone. Kutumizanso mtolo womwewo ndi mawu okalipa sikusintha kanthu. Kupitirira apo ndi ku khoti la feduro, komwe malire ake kawirikawiri ndi zaka 6, ndipo pa nkhani za ndalama zakazo nthawi zambiri zimawerengedwa kuchokera pa tsiku lotuluka usilikali, osati pa tsiku la chigamulo cha bodi. Amene akuganiza za khoti aonane ndi loya msanga, asadikire bodi imalize.

Akavomereza, pepala lomwe labweralo liwerengeni ndi pensulo yomwe ija, poti pokonza pamatha kulowanso cholakwika china. Ngati ndi DD 215, iphatikizeni ku DD 214 ndipo ziziyendera limodzi kulikonse, chifukwa payokha sinena zambiri. Tumizani kope ku VA nokha, musayembekezere kuti maofesi auzana, ndipo ngati munakanidwapo thandizo chifukwa cha cholakwika chija, pemphani kuti nkhaniyo iunikidwenso ndi pepala latsopanoli. Mendulo yeniyeniyo siibwera nthawi zonse pamodzi ndi pepala. Ikapanda kufika, ipempheni polemba SF 180 kapena kalata yosayina, n'kuphatikiza DD 214 ndi chikalata chokonzacho.